Mafunso oyezera mmene odwala matenda a shuga akukhalira

Achemwali, mwafunsa ngati pa kafukufuku wanu wa digiri yachiwiri mulembe mafunso anuanu oyezera mmene moyo wa odwala matenda a shuga ukuyendera, kapena mutenge omwe alipo kale. Ine ndikuti musalembe anuanu, chifukwa kutsimikizira kuti mafunso atsopano akuyezadi chimene mwini wake akufuna ndi ntchito yaitali imene singathe m'nthawi ya maphunziro anu.

Tengani WHOQOL-BREF, fomu ya mafunso oyezera mmene moyo wa munthu ukuyendera ya bungwe la World Health Organization (WHO). Ili ndi mafunso 26: awiri amafunsa za moyo ndi thanzi mwachidule, ndipo 24 otsalawo agawidwa m'magawo anayi, omwe ndi thupi, maganizo, ubale ndi anthu ena, komanso malo amene munthu akukhala. Inamasuliridwa kale m'Chichewa, ndipo zotsatira za kuyesedwa kwake pa anthu akuluakulu ku Lilongwe zinasindikizidwa mu 2012. Fomu ina yotchedwa EQ-5D ndi yaifupi, ili ndi mafunso asanu okha, koma sifunsa za ndalama, nyumba kapena thiransipoti, zomwe zimalemera kwambiri pa munthu wobwera kukiliniki mwezi ndi mwezi.

Komabe kuyesedwa ku Lilongwe sikukuchotserani ntchito yowayesa pa anthu anu. Musanayambe, khalani pansi ndi odwala ochepa, muwawerengere funso lililonse, kenaka muwapemphe anene m'mawu awo chimene amva. Funso lililonse lili ndi mayankho asanu osankhapo, ndipo agogo amene sadziwa kuwerenga akamamva mayankhowo ndi khutu lokha, kawirikawiri amagwira loyamba kapena lomaliza. Khadi lojambulidwa makapu asanu, kuyambira yopanda kanthu mpaka yodzaza, limathandiza kuti aloze ndi chala. Pali funso lina lokhudza za m'banja pakati pa mwamuna ndi mkazi, ndipo mayi sangaliyankhe momasuka pabenchi la odwala, apongozi ake ali pambali. Pezani kachipinda kapadera, ndipo ngati n'kotheka mayi afunsidwe ndi mayi mnzake.

Pa nkhani ya Cronbach's alpha, nambala yoyezera kudalirika kwa mafunso, ambiri amalakwitsa poganiza kuti ikaposa 0.7 ndiye kuti zonse zatheka. Nambalayi imangosonyeza kuti mafunso a gawo limodzi akuyendera pamodzi, sinena ngati akuyeza chinthu choyenera. Muiwerengere gawo lililonse palokha, ndipo musadabwe ikatsika pa gawo la ubale, popeza lili ndi mafunso atatu okha. Umboni umene ine ndimaukhulupirira kwambiri ndi wofanizira magulu: odwala okhala ndi zilonda zosapola kumapazi kapena amene maso ayamba kuchita khungu ayenera kupeza mapointi ochepa pa gawo la thupi kusiyana ndi amene shuga wawo sanawavulaze. Zikapanda kutero, pali pena pamene pakhota. Funsaninso anthu ena omwewo patapita masabata awiri, kuti muone ngati mayankho a munthu amene thanzi lake silinasinthe akufanana.

Powerengera, kumbukirani kutembenuza mapointi a mafunso atatu, lachitatu la ululu, lachinayi la kudalira chithandizo ndi la 26 la maganizo okhumudwitsa, chifukwa pa mafunso amenewa nambala yaikulu imasonyeza vuto. Pemphani chilolezo ku WHO chogwiritsira ntchito mafunsowa, ndipo musafunse wodwala aliyense komiti yoona za malamulo a kafukufuku, ya COMREC kapena NHSRC, isanavomereze kafukufuku wanu.