Laputopuyo musakaisiye, ine zinandionekera

Amwene inu amene mukufunsa dzina la gemu yakale ya akasinja owomberana ndi komwe mungaipeze, imani kaye, musakasiye laputopu kwa okonza kuti akuikireni magemu akale owomberanawo inu n'kubwerera kunyumba, ine zinandionekera pompano pa Dedza ndipo mpaka lero ndikamadutsa pa kashopu kaja ndimayang'ana kumbali.

Ya akasinja mukunenayo mwina ndi Pocket Tanks ya 2001, yosankha zida khumi khumi kenako kumawomberana mosinthana, kapena Scorched Earth ya 1991 ya pa DOS ngati ndinu amvula zakale. Kwathu inali Worms Armageddon ya kampani ya Team17, ya 1999, tinyongolotsi tija. Kompyuta inali yachimbombo, malume anabwera nayo kuchokera ku Joni. June kuzizira kwa kuno mukukudziwa, chifunga chitaphimba phiri lonse, ine ndi achimwene anga bulangete limodzi kiyibodi imodzi kumapatsirana mpaka magetsi azime. Sinkafuna bando, sinkafuna makina amphamvu, ndipo kukoma kwake kunali kudikirako, mnzako akuyeza mphepo iwe uli pambali kumunena kuti aphonye. Bazooka imatengeka ndi mphepo koma grenade ayi, ndiye achimwene amatha kuwombera kwina mphepo n'kuibweza kudzakugwera pamsana. Ine ukatswiri wanga unali kudziphulitsa ndekha ndi bomba la nthochi lija kkkk.

Timu yawo anaipatsa mayina okha nyongolotsi zonse 8, kunali Kachewere, Chiwaya, Kondowole, enawo otukwana sindingalembe pano. Atatisiya achimwene timuyo inatsala momwemo. Sindimaisewera nkomwe, ndimangotsegula n'kuwerenga mayinawo basi n'kutseka.

Ndiye kompyuta ija inayamba kumazima yokha ikatentha. Ndinaikweza pa kabaza nditaifukata ngati mwana mpaka kwa mkulu wokonza makompyuta wa pa kashopu kaja. Ndinamuuza katatu konse, musafufute kalikonse chonde muli zinthu za malemu, iye osadandaula bigi ndi fumbi chabe ili mubwere Lachisanu. Lachisanu ndafika, wayatsa, sikirini mbee. Windows yatsopano, mafoda anga onse palibe. Ndikumufunsa zinthu zanga zili kuti munthu akudya chipisi cha pachiwaya sakundiyang'ana nkomwe, akuti munali vairasi ndiye ndafomata, ndakuikirani magemu a mpira abwino zakale zija zinali zachibwana. Zachibwana! Miyendo inazizira ndinangokhala pa benchi mawu osatuluka, anyamata awiri odzatchajitsa mafoni akungondiyang'ana ngati ndapenga, iye n'kuwonjezera kuti akulu mpaka kulira gemu? Ndipo ndinalipira anthuni, ndalama ndinapereka ndi manja angawa. Kufika kunyumba tsiku lomwelo kompyuta inazimanso chifukwa vuto linali fani yofa yomwe iye sanaikhudze olo pang'ono. Anthu ena sadziwa kukonza, chomwe amadziwa ndi kufomata basi, kaya wabwera ndi vuto la batire kaya la kiyibodi mankhwala ake ndi amodzi omwewo.

Nde inu musanapite kulikonse koperani zonse pa fulashi. Amene muli ndi Worms Armageddon matimu amakhala mu foda ya User, ine izi ndinadzazidziwa madzi atatayika kale. Pocket Tanks ili pa Play Store, mutha kusewera pa foni awiriwiri mukupatsirana osavutika ndi laputopu. Hedgewars ndi yaulere ndipo imafanana ndi Worms kungoti ndi akanungu, pomwe Armageddon yeniyeniyo imagulitsidwa pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti. Scorched Earth imafuna DOSBox, pulogalamu yoyendetsera magemu akale a DOS, kuti iyende pa makina amasiku ano ndipo kwa munthu wosazolowera imazunguza mutu, ndiye apo pezani ndithu mnyamata wodziwa akuikireni, si onse oipa, bola mukhale pompo maso pa sikirini, akati mubwere mawa nyamulani katundu wanu.

Komanso musaziike kwambiri kumtima, ndi magemu chabe awa, mukawatsegula lero muona kuti zithunzi zake sizokongola ngati mmene mukukumbukira. Ine ndinaiikanso pa laputopu ina n'kupanga timu ija kachiwiri, mayina 6 ndinawakumbukira koma awiriwo akundikanabe, ndinafunsa mpaka achemwali ku Lizulu akuti iwo amangomva phokoso lathu ali kukhitchini.