Gershom Sizomu: kuchoka pa gitala kufika pa urabi

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti kuno ku Africa kuli woimba amene anakhala mtsogoleri wa chipembedzo cha Chiyuda, komanso ngati mawu abwino okha angamufikitse munthu pa udindo wotere. Munthuyo alipodi. Koma mawu okha sakwanira, ndipo mbiri yake yomweyo ikuonetsa chifukwa chake.

Dzina lake ndi Gershom Sizomu, wa gulu la Abayudaya, Ayuda a kum'mawa kwa Uganda, kufupi ndi tauni ya Mbale m'tsinde mwa phiri la Elgon. Gululi linayamba mu 1919 pamene Semei Kakungulu, mkulu wankhondo wa Chiganda, atawerenga Chipangano Chakale anachita mdulidwe pamodzi ndi ana ake aamuna n'kulengeza kuti ndi Myuda. Rabi analibe. Chimene anali nacho ndi Baibulo la m'chilankhulo cha Luganda, choncho Masalimo ankawaimba m'chilankhulo chawo. Pa Abayudaya kuimba ndi kupemphera sizinasiyanepo chiyambire.

Idi Amin, amene analamulira kuyambira 1971 mpaka 1979, analetsa chipembedzochi. Pa anthu pafupifupi 3,000 panatsala ngati 300, opemphera mobisa. Amin anagwa pa 11 Epulo 1979, tsiku limene madzulo ake Pasika wa Ayuda, chikondwerero chokumbukira kumasulidwa kwawo ku Igupto, ankayamba, ndipo Abayudaya saiwala zimenezi. M'zaka za m'ma 1980 achinyamata, kuphatikizapo Sizomu ndi mkulu wake J.J. Keki, anayamba kudzutsanso gululi pa phiri la Nabugoye. Chida chawo chachikulu chinali nyimbo: ankatenga Masalimo ndi mapemphero a Chihebri n'kuwapekera chuni cha kwawo, cha gitala ndi ng'oma. Jeffrey Summit, rabi wa pa Tufts University, anajambula nyimbozo, ndipo kampani yotulutsa nyimbo ya Smithsonian Folkways inatulutsa chimbale chake mu 2003. Mu 2005 chinalowa pa mpikisano wa mphoto za nyimbo wa ku America wotchedwa Grammy, koma mphotoyo inapita kwa Ladysmith Black Mambazo. Kugonja ndi amenewo si zochititsa manyazi.

Tsopano ku funso lanu lachiwiri, poti ndi pamene ambiri amasokonezeka. M'sunagoge muli maudindo awiri osiyana. Wotsogolera mapemphero moimba amatchedwa chazzan. Rabi ndi mphunzitsi komanso womasulira malamulo: amagamula ngati chakudya chili chololedwa, amamangitsa ukwati, amakhala pa bwalo la milandu ya chipembedzo. Rabi wa mawu osasa amakhalabe rabi. Woimba wa mawu okoma chotani, ngati sanaphunzire malamulo, rabi sangakhale.

Chinthu choyamba n'chakuti Ayuda ena akuvomereze kuti ndiwe Myuda. Agogo ake ndi bambo ake a Sizomu anali atsogoleri a zauzimu m'gululi, koma pa malamulo a Chiyuda, Myuda ndi wobadwa kwa mayi wachiyuda kapena wolowa mwa dongosolo. Kakungulu analowa yekha popanda womulandira. N'chifukwa chake mu 2002 arabi, ambiri a nthambi ya Chiyuda yotchedwa Conservative, anapita ku Uganda kukalandira anthu mazana angapo. Dongosolo lake lili motere: munthu amaonekera pamaso pa bwalo la anthu atatu, lotchedwa beit din, limene limamufunsa za chikhulupiriro ndi kasungidwe ka malamulo. Mwamuna amachita mdulidwe, ndipo ngati anadulidwa kale amangotulutsidwa kadontho ka magazi. Pomaliza amamira thupi lonse m'madzi a mikveh (dziwe la mwambo wodziyeretsa) kapena mu mtsinje. Tsitsi likangotsalira pamwamba pa madzi, kumirako amakubwereza.

Kenako sukulu. Sizomu anapita ku Ziegler School of Rabbinic Studies ku Los Angeles, maphunziro a zaka 5, chimodzi mwa izo ku Yerusalemu. Gitala sathandiza kumeneko. Pamafunika Chihebri cha m'Baibulo ndi cha arabi akale, kenako Chiaramu, chifukwa gawo lalikulu la Talmud, mabuku a malamulo ndi zokambirana za arabi akale, linalembedwa m'chilankhulo chimenecho. Talmud ya ku Babulo ili ndi mapepala 2,711 olembedwa mbali zonse, ndipo amaiphunzira awiriawiri, mokweza mawu, akutsutsana. Ophunzira ambiri amavutika apa: amadziwa kuimba pemphero pamtima, koma ukawapatsa tsamba lopanda zizindikiro za mavawelo amangoti kakasi. Akamaliza amalandira semikhah, chilolezo chophunzitsa ndi kugamula. Sizomu anachilandira mu 2008, ndipo chaka chomwecho anaikidwa kukhala rabi wamkulu wa Uganda.

Pali pena pamene woimba amaposa anzake, komanso pomwepo ndi pamene amakodwa. Torah, mabuku 5 a Mose, amaiwerenga moimba kuchokera mu mpukutu wachikopa wolembedwa pamanja. Mu mpukutumo mulibe mavawelo, mulibenso zizindikiro za chuni, moti wowerenga amaloweza zonsezo kunyumba. Wa khutu lakuthwa amagwira msanga. Koma chunicho si chokometsera chabe, chimasonyeza popumira ndi pothera chiganizo. Woimba wozolowera kukoka mawu pofuna kukometsa akhoza kupuma polakwika n'kusintha tanthauzo, ndipo oima pambali pake amamukonza pompo, anthu onse akumva. Nyimbo za Masalimo ungazipekere chuni chako mmene Abayudaya anachitira, koma kuwerenga Torah kuli ndi malire ake.

Vuto lina ndi Sabata. Kuyambira dzuwa likamalowa Lachisanu mpaka nyenyezi zitatu zitaoneka Loweruka, Ayuda a nthambi ya Orthodox saliza chida chilichonse choimbira, mwa zina poopa kuti chingwe chikaduka munthu angachikonze, pamene kukonza ndi ntchito. A nthambi ya Reform amaloleza kuliza zida, a Conservative amasiyanasiyana. Masunagoge ena amaliza gitala pa nyimbo zolandirira Sabata dzuwa lisanalowe, kenako n'kuiika pambali. Kwa munthu amene ankapeza ndalama poimba m'madansi a Lachisanu usiku, apa ndiye pamavuta kwambiri.

Mudziwenso kuti semikhah ya nthambi ina si kuti ena onse amailemekeza. Akuluakulu a Orthodox savomereza kulowa Chiyuda kudzera mwa arabi a Conservative, ndipo gulu la Abayudaya a m'mudzi wa Putti linasankha kulowanso kudzera mwa arabi a Orthodox. Mu 2018 unduna wa za m'dziko wa Israel unakana kuvomereza Abayudaya ngati gulu loyenera kusamukira kumeneko pa lamulo lolola Myuda aliyense kutenga unzika. Sizomu iye anapitiriza ntchito kwawo, ndipo mu 2016 anthu a dera la Bungokho North, ambiri a iwo Akhristu ndi Asilamu, anamusankha kukhala phungu, Myuda woyamba kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya Uganda.