Opaleshoni yachitatu ya msana: kodi munda ugulitsidwe?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali. Bambo ake, mphunzitsi wopuma wa zaka 63, anachitidwa opaleshoni ya msana kawiri. Koyamba anawachotsa kachidutswa ka disiki (kamtsamiro kokhala pakati pa mafupa a msana) komwe kanatsina mtsempha, ndipo mwendo unaleka kuwawa kwa zaka zingapo. Kachiwiri anapita kunja, komwe anawaika zitsulo zomanga mafupa awiri pamodzi. Pano ululu wayambiranso, sangafike pamsika osakhala kaye pansi, ndipo abale akukambirana zogulitsa munda wa ku Thondwe kuti apite kachitatu. Funso lawo nlakuti: "Kodi yachitatu imathandiza, kapena tikungotaya ndalama?"

Mayi, pepani ndi matendawa. Opaleshoni yobwereza imathandiza pamene dokotala angaloze ndi chala chinthu chimodzi chomwe chalakwika, chooneka pa sikani, komanso chogwirizana ndi zomwe wodwalayo akumva. Akangoti "tikatsegule tikaone", munda musaukhudze.

Pali manambala amene madokotala a msana amawatchula kawirikawiri, ochokera kwa katswiri wa ku Sweden, Alf Nachemson, m'chaka cha 1993. Amati opaleshoni yoyamba imayenda bwino kwa odwala opitirira theka, yachiwiri kwa osaposa 30 mwa 100 alionse, yachitatu 15, yachinayi 5. Ndi manambala akale, ndipo amasakaniza odwala amitundumitundu, kotero musawatenge ngati chigamulo cha bambo anu. Wodwala wosankhidwa bwino mwayi wake umaposa pamenepo. Koma kutsika kwakeko nkoona, ndipo zifukwa zake nzodziwika.

Paliponse pamene mpeni wadutsa pamamera chipsera, osati pakhungu pokha, komanso m'kati, kuzungulira mitsempha. Dokotala woyamba amapeza zonse zili m'malo mwake. Wachitatu amapeza mtsempha, chipsera ndi kachikopa kokuta mitsempha zitamatirirana, ndiye ayenera kulekanitsa pang'onopang'ono. Nchifukwa chake pobwereza kachikopako kamang'ambika kawirikawiri kuposa poyamba, madzi a mumsana nkumadontha. Magazi amatayika ambiri, opaleshoni imatalika, bala limachedwa kupola ndipo limagwira tizilombo msanga. Telala wa pakhonde amadziwa kuti pamene pasokedwa kale kawiri, singano ikabwerera ulusi sugwira ngati poyamba. Kuwonjezera apo, mtsempha umene wakhala wopanikizika nthawi yaitali ukhoza kuwonongeka, moti ngakhale auchotsere chopsinjacho, dzanzi kapena kutentha kwa kuphazi kumatsala.

Tsopano za bambo anuwo. Mwalemba kuti akayenda pang'ono amakhala pansi. Afunseni bwinobwino: chowaimitsa ndi msana kapena miyendo? Ngati miyendo imalemera, kuchita dzanzi kuchokera m'matako kutsikira m'katumba, kenako akakhala kapena kuwerama mphindi zochepa nkupepuka, chimenecho ndi chizindikiro cha kuchepa kwa njira yodutsa mitsempha. Odwala otere mumawazindikira panjira. Kuyenda chilili kumawakanika, koma akagwira njinga nkumaikankha atawerama, amakwera chitunda chonse. Kwa munthu woikidwa zitsulo, kuchepaku kumakonda kuchitika pamwamba penipeni pa zitsulozo. Mafupa a msana a m'chiuno alipo asanu, madokotala amawatcha L1 mpaka L5. Mukamanga L4 ndi L5 kuti asasunthe, ntchito yopinda imagwera pa L3 ndi L4, ndipo pamenepo pamatha msanga. Vuto limeneli opaleshoni imalithandiza ndithu, makamaka pa ululu wa miyendo ndi mtunda umene munthu angayende.

China chimene chimakonzeka ndi pamene mafupa omangidwawo sanagwirane. Anthu ambiri amaganiza kuti zitsulo ndiye mankhwala. Ayi, zitsulo zimangogwirizira kuti fupa limere nkulumikiza mafupa awiriwo, ndipo kumerako kumatenga miyezi yambiri, nthawi zina chaka. Likapanda kumera, zitsulo zimagwedera kapena kuthyoka. Izi zimaoneka pa CT sikani ndi pa X-ray yojambulidwa munthu atawerama, kenako atapindira kumbuyo. Disiki yotulukanso pamalo akale nayo imachotseka. Ndipo kuno kwathu dokotala wanzeru sangaiwale TB ya msana kapena mafinya ozungulira zitsulo, makamaka ngati bambo akuwonda, akutuluka thukuta usiku kapena thupi likutentha. TB imafuna mankhwala ake choyamba.

Pamene sindingakulimbikitseni ndi apa: ululu uli pamsana pokha, wosatsikira kumiyendo, ndipo sikani ikungoonetsa chipsera ndi madisiki okalamba. Chipsera akachichotsa chimameranso. Za madisiki okalambazo musadabwe nazo. Kafukufuku wa mu 2015 amene anasonkhanitsa masikani a anthu osamva ululu uliwonse anapeza kuti pa zaka 60, anthu 88 mwa 100 ali ndi madisiki otha. Ndiye lipoti la sikani ya MRI lolembedwa mawu oopsa silikwanira kugonekera munthu patebulo. Ku Norway, mu 2006, anatenga odwala 60 amene msana unkawawabe pambuyo pa opaleshoni ya disiki. Ena anawamanga ndi zitsulo, ena anawaphunzitsa kuyendetsa thupi mopanda mantha nkuwachititsa masewera olimbitsa msana. Patatha chaka, a zitsulowo sanapose anzawo aja. Anthu amanyoza mafizo kuti ndi zongosisita, koma mafizo enieni ndi thukuta, ndipo munthu wochitidwa opaleshoni kawiri minofu yake ya msana imakhala itafooka kwambiri.

Musanayambe kuitanitsa makoteshoni akunja, yambirani konkuno. Ku Zomba Central kuli a za mafupa ndi a mafizo, ndipo angakulembereni kalata yopita ku Queens ku Blantyre, kapena ku LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chimene chinatsegulidwa ku Lilongwe mu 2023. Ndikunena izi chifukwa mukufunika maganizo a dokotala amene sapindula kanthu bambo akachitidwa opaleshoni. Amene amakonza maulendo a kuchipatala chakunja amadya pa ulendowo, sindikuti ndi akuba, koma si iwo oti akuuzeni kuti musapite.

Mukakhala pamaso pa dokotala, mufunseni kuti opaleshoniyi ikukakonza chiyani kwenikweni, ndipo akuonetseni pachithunzi. Mufunsenso kuti chidzachepe ndi chiti, ululu wa mwendo kapena wa msana, komanso chingachitike nchiyani mutadikira miyezi isanu ndi umodzi. Funso limene mabanja ambiri amaiwala ndi la pambuyo pake: bala likayamba kutuluka madzi ali kunyumba ku Chinamwali, adzawaona ndani, nanga zida zomasulira mtundu wa zitsulo zimenezo zilipo m'dziko muno? Dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa. Ndipo akakulonjezani kuti bambo adzachira kotheratu, muchenjere, chifukwa ngakhale yachitatu itayenda bwino, chimene munthu amapeza ndi kuchepa kwa ululu ndi kuyenda kotalikirapo.

Pakadali pano pali zoti muchite. Ngati bambo amasuta, asiye, pakuti fodya amalepheretsa fupa kugwirana. Shuga akhale woyezedwa ndi wotsika, chifukwa ndi amene amaoletsa bala. Pa msinkhu wawo ndi bwinonso kuunika kulimba kwa mafupa, zitsulo sizigwira m'fupa lofumbwa. Ndipo muone zimene akumwa. Makolo athu amagula bufeni ndi diclofenac pagolosale nkumameza tsiku ndi tsiku osanena, mpaka impso kapena zilonda za m'mimba zitawapeza.

Zonsezi ndi za munthu amene ali ndi nthawi yoganiza. Koma akayamba kulephera kukodza kapena kudziletsa mkodzo ndi chimbudzi, akachita dzanzi pakati pa miyendo ndi kumalo obisika, kapena phazi likayamba kukhwekhwereza pansi nkumaipiraipira, musadikire msonkhano wa abale. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Auzeniretu zimenezi, mwina kudzera mwa mchimwene wanu kapena amalume, poti bambo sangathe kukuuzani inu mwana wamkazi kuti akudzinyowetsa.

Popita kukaonana ndi dokotalayo, tengani buku lawo la kuchipatala, malipoti a maopaleshoni onse awiri, pepala losonyeza mtundu wa zitsulo, ndi masikani akale enieniwo, a pa CD kapena pafilimu, osati malipoti okha. Ngati ena anatsala kunja, lembani imelo kuchipatalako muwapemphe sabata yomwe ino, chifukwa amachedwa kuyankha.