Geni ya zisoti zakale za asilikali a ku France: yankho kwa achimwene ofuna kuyamba

Achimwene, mwafunsa kuti geni yanga yopikula zisoti zachitsulo ku France n'kudzagulitsa kuno ku England imayenda bwanji, komanso ngati mpamba wochepa ungakwane. Mpamba ungakwane ndithu. Chimene chimagwetsa anthu ndi diso, chifukwa pamsika zabodza zimakhala patebulo limodzi ndi zenizeni, ndipo nthawi zina wogulitsayo naye sadziwa.

Ulendo wake ndi wosavuta. Ndimawoloka pa Dover kupita ku Calais, n'kumazungulira misika ya zinthu zakale ya m'midzi imene eni ake amati brocante. Kumayambiriro kwa September sindiphonya msika waukulu wa ku Lille. Ku Saint-Ouen, m'mbali mwa Paris, katundu ndi wabwino koma mitengo yake ndi ya anthu odziwa kale. Chichokereni Britain mu EU, kuyambira mu 2021 katundu wamalonda amafunika kumuonetsa kukasitomu, ndiye pezani nambala ya EORI, imene akukasitomu amadziwira wamalonda, ndipo muzisunga malisiti onse.

Chisoti chimene ndimasaka kwambiri ndi Adrian cha 1915, chotchedwa dzina la Louis Adrian, mkulu woona za katundu wa asilikali amene anachiyambitsa pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ataona kuti anyamata akuthera m'maenje obisalamo ndi mabala a m'mutu. Mukachinyamula koyamba mudzadabwa kupepuka kwake: chitsulo chake ndi chopyapyala, mamilimita 0.7, ndipo sichifika kilogalamu. Chitembenuzeni muwerenge zidutswa. Cha 1915 chili ndi zinayi: mbale yapamutu, mlomo wakutsogolo, mlomo wakumbuyo, ndi tsumba lapamwamba limene limabisa kampata kopumira. Milomo iwiriyo imakumana m'mbali, cha pamwamba pa makutu. Mukapeza mbale ndi milomo zili chitsulo chimodzi, chimenecho ndi cha 1926. N'chenicheni, koma si cha nkhondo yoyamba, ndipo mtengo wake ndi wina. Samalaninso ndi za ku Italy zimene zimafanana nazo koma zilibe timabowo ta baji kutsogolo, ndi za ku Belgium za mutu wa mkango.

Pamene pamathera ndalama za anthu ndi pabaji. Asilikali oyenda pansi anali ndi bomba loyaka lolembedwa RF (chidule cha République Française), a mizinga anali ndi mizinga iwiri yopingasa, ma chasseur (asilikali oyenda ndi zida zopepuka) lipenga, asilikali a m'maiko a atsamunda nangula, a kumpoto kwa Africa kamwezi. Baji ya bomba ndi yofala. Ya nangula ndi ya kamwezi imakwera mtengo. Ndiye akathyali amachotsa bomba n'kuikapo nangula, popeza baji imangogwira ndi timiyendo tiwiri topindira m'kati.

Ine zinandionekera chaka changa chachiwiri. Ndinagula chisoti cha nangula pamsika wina wa m'mudzi, mtima uli dyokodyoko kuti ndatola. Nditafika kunyumba ndinachiunika ndi tochi cham'mbali, ndipo pambali pa nangulayo panaoneka chithunzithunzi cha malawi a bomba, pomwe utoto sunawauke ndi dzuwa kwa zaka zambiri. Timiyendo m'kati tinali ndi mikwingwirima yowala ya pulayala. Ndinachigulitsa motaya, nditamuuza wogulayo chilungamo chonse. Kuyambira pamenepo ndimafuna kuona kuti utoto wa pabaji ndi wa pachisoti wakalamba limodzi, ndipo fumbi ndi dzimbiri za m'mphepete mwa baji sizinasokonezedwe.

Utoto nawo umalankhula. Zoyambirira zinali zobiriwira motuwa ngati mtambo komanso zonyezimira. Ataona kuti zikuwala kwa adani anayamba kuziphimba ndi nsalu, kenako kuzipaka utoto woderapo wosawala, kawirikawiri ndi burashi. Choncho utoto uwiri wosanjikizana si vuto. Asilikali a ku Africa ambiri anali ndi zamtundu wa khaki wopita kuchikasu. Chimene ndimachiopa ndi utoto wosalala wonunkha, kapena wopakidwa pamwamba pa timaenje ta dzimbiri.

M'kati yang'anani chikopa chodulidwa ngati malilime, nsalu yaubweya kuseri kwake, ndi timalata ta aluminiyamu tamakwinya tolekanitsa chikopa ndi chitsulo. Chikopa cha zaka 100 chimauma, chimada ndi thukuta chapamphumi, ndipo chimanunkha ngati sutikesi ya agogo. Chikamanunkha ngati nsapato ya m'sitolo, chisiyeni kapena tsitsani mtengo. Nthawi zina m'mbalemo mumaoneka chidindo cha kampani, monga Japy, ndi chilembo cha saizi, A, B kapena C. Kamkuwa ka pamlomo kolembedwa "Soldat de la Grande Guerre 1914-1918" kankaperekedwa kwa asilikali nkhondo itatha, koma nako amakapanga katsopano masiku ano.

Chonde, achimwene, mukagula musachikweche ndi sitiliwulu kapena kuchipaka polishi; ogula amalipira ukalamba womwewo. Ndipo zokumbidwa pansi ndimazikana, chifukwa ku France kufufuza zakale ndi makina popanda chilolezo ndi mlandu, komanso m'minda ya ku Somme ndi Verdun, kumene nkhondoyo inavuta kwambiri, mudakagona anthu. Mukafuna, tidzapitire limodzi ku Lille, muyambe mwagwira zisoti makumi angapo musanatulutse ndalama.