Moto wa Lohri, ndi chifukwa chake amaponyamo chakudya

Mayi wina amene amagwira ntchito ku Birmingham wanditumizira imelo. Akuti anzake ochokera ku Punjab, dera la ku India ndi Pakistan, amuitana ku Lohri, chikondwerero chimene amasonkha moto waukulu, ndiye akufunsa kuti moto umenewu ndi wa chiyani, nanga bwanji anthu amaponyamo chakudya chabwinobwino.

Pitani ndithu, mayi, koma muvale jekete yokhuthala.

Lohri imachitika nthawi zambiri usiku wa pa 13 January, pamene mwezi wawo wa Poh ukutha ndipo wa Magh ukulowa. Kwathu kuno nthawi imeneyo tili mkati mwa dzinja, chimanga chili m'mawondo. Ku Punjab kumakhala chisanu chofika m'mafupa, chifunga chili tolo mpaka dzuwa kukwera. Tirigu amene anafesa mu October ndi November amakhala akubiriwira m'minda, kudikira kukololedwa mu April pa Vaisakhi, chikondwerero chawo cha zokolola. Choncho motowo ndi wotsanzikana ndi chisanu, chifukwa kuyambira pamenepo masana amatalika moonekeratu ndipo tirigu amayamba kuthamanga.

Wina angati tsiku lalifupi kwambiri kumeneko ndi 21 kapena 22 December. N'zoona. Kungoti kalendala yawo imatsata malo a dzuwa pakati pa nyenyezi, ndipo pa zaka mazana ambiri tsiku la Lohri lakhala likusuntha pang'onopang'ono.

Zoponya pamoto zija ndi za nyengoyo: chitowe, mtedza, chimanga chophulitsa, ndi gur, shuga wa nzimbe wouma mibulu. Amazungulira moto, aliyense n'kuponya kadzanja kamodzi, chitowe chili thethethe, zotsala n'kugawana. Ine sindikuona kuwononga pamenepa. Ndi kuthokoza, ndipo zambiri zimathera m'kamwa mwa ana, amene amakhala atayenda kale khomo ndi khomo akuimba ndi kupempha.

M'nyimbo zawozo mudzamva dzina la Dulla Bhatti, munthu wa m'nthawi ya mfumu Akbar ya ku India, amene nthano zimati ankapulumutsa atsikana ogwidwa kuti akagulitsidwe, n'kuwakwatitsa ngati ana ake.

Funsani anzanuwo ngati pakhomopo pali khanda kapena banja latsopano, chifukwa Lohri yoyamba ya oterowo ndiyo imakula. Zikatero tengani kamphatso. Ng'oma ya dhol ikalira, gule wa bhangra sadzakulolani kumuonera muli chikhalire, ndipo patebulo mudzapeza ndiwo ya mpiru ndi chikate cha ufa wa chimanga, zimene lilime lanu silidzazidabwa kwenikweni.