Ine anandinamiza ndi kuzima kwa magetsi

Achemwali, zanuzi zandikumbutsa bala. Zoti wachikondi wanu uthenga wanu wa pa WhatsApp akuwerenga osayankha koma status akuika, ine ndinadutsamo, mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Wanga anali wa ku Nchalo, wogwira ntchito m'minda ya nzimbe, ine ndili kwathu ku Bangula. Munali mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, magetsi akuzima tsiku lonse. Munthuyo anapezerapo pobisala. Ndikalemba, tick imodzi masiku awiri. Akatulukira, "pepa mayi, foni inathima, kotchajitsa kunali mzere." Ndinkakhulupirira, poti nanenso ndinkatchajitsa pa sola ya kugolosale. Kenako anazimitsa ma blue tick, ati amamupanikiza. Ine 2 koloko usiku ndili maso kuyang'ana last seen, bandulo ikungotha. Akalemba "ok" yekha ndinkaswera ndi anzanga kumasulira kuti wakwiya kapena watopa. Akaponya kamtima kamodzi, basi ndachira.

Mu Okutobala, dzuwa la kuno mukulidziwa, ndinati ndikamuone. Ndinagula milamba yowamba yoti ndikapatse mayi ake, nkukwera minibasi. Ndili pa Ngabu ndinamulembera kuti ndikubwera. Ma tick awiri, yankho ayi. Pa Nchalo ndinakhala pakhonde la sitolo kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko, thukuta mpaka m'nsapato, ntchentche zitazinga jumbo ya nsomba. Ndikayang'ana foni, online. Typing. Kenako zii. Ndikaimba akudula. Mtsikana wina wogulitsa mayunitsi pambali panga anandimvera chisoni nkufunsa amene ndikudikira. Nditamuonetsa chithunzi anati, "Aaa, awa ndi kasitomala wanga." Anatsegula status yake pafoni yake. Achemwali, zithunzi zili mbwee, munthu ali mu suti, pambali pake mkazi woyembekezera, akupereka malowolo dzulo lake. Pafoni yanga panalibe kanthu, anandichotsa pa anthu oona. Miyendo inazizira pa dzuwa lonse lija. Nsomba ndinamusiyira mtsikanayo, ndinalira m'minibasi mpaka pa Sorgin amayi ena atandibwereka chitenje chopukutira. Usiku womwewo chithunzi chake chinasowa, tick imodzi. Anandibuloka.

Chimene chimandipweteka si mkaziyo ayi, iye sanandilakwire. Ndi ndalama zanga za geni ya tomato zomwe ndinkamutumizira pafoni, ati mayi ake agonekedwa kuchipatala. Mwina ndine ndinathandizira malowolowo. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kulephera kungolemba kuti "ndapeza wina"! Anandisiya ndikupsa pakhonde iye akundiona pafoni.

Ndiye inu siyani kuwerenga ma tick, musamulondole pa WhatsApp, zimadwalitsa zimenezo, ine ndinaonda. Mwinadi ndi wotanganidwa, nyengo yodula nzimbe anthu amaweruka atatheratu, ndipo netiweki kumidzi yathuyi imavutadi. Pitani mukamufunse maso ndi maso, akuonetseni kwa amalume ake. Koma musananyamuke pezani mnzanu amene ali ndi nambala yake akuonetseni status yake, muyerekeze ndi zomwe zikuoneka kwa inu. Ndipo akayamba za mayi odwala, funsani wodi yomwe agonekedwa musanatumize ngakhale K500.