Chifukwa chiyani ayodini wa nyukiliya samusunga m'galasi?

Mmodzi mwa inu owerenga wanditumizira imelo. Akuti anamva kuti zinyalala za nyukiliya amazisungunulira m'galasi asanazikwirire pansi. Nanga n'chifukwa chiyani akatswiri akuvutikabe kupanga seramiki (chinthu cholimba chochita kuotcha, ngati mbiya) yosungira ayodini yekha? Ndipo kodi ndi yemwe uja wa mumchere?

Ndiyambe ndi funso lachiwirili. Wa mumchere ndi iodine-127, satulutsa cheza choopsa, ndiye musasiye kuthira mchere wanu m'ndiwo. Vuto ndi lakuti chithokomiro sichisankha, chimakoka ayodini aliyense wolowa m'thupi. Ku Chernobyl mu 1986 ana ambiri anamwa mkaka wokhala ndi iodine-131, ndipo patapita zaka anadwala khansa ya chithokomiro. Komabe ameneyo mphamvu yake imatsika ndi theka pa masiku 8 aliwonse. Wosautsa kwambiri m'zinyalala za nyukiliya ndi iodine-129, yemwe amafuna zaka pafupifupi 16 miliyoni kuti atsike ndi theka.

Galasi lija amalisungunula pa moto wopitirira madigiri 1,000, pomwe ayodini sachedwa kusanduka nthunzi. Galasi lisanaume n'komwe, wambiri amakhala atathawa. Akafika m'madzi a pansi pa nthaka sakakamira pa dongo kapena pa miyala, amangoyenda ndi madziwo. Mafakitale a nyukiliya a La Hague ku France ndi Sellafield ku Britain akhala akumutayira m'nyanja kuti asukuluke. Ineyo sindikuona kuti imeneyo ndi njira yoti tiziinyadira.

Apa ndi pomwe seramiki ikubwerera. Poyamba amamukola ku utsi wa m'fakitale ndi siliva, chifukwa awiriwa akagwirizana sasungunuka wamba m'madzi. Kenaka amafuna mwala wopanga okha woti ayodini akhale gawo la thupi lake lenileni. Wina ndi sodalite. Wina ndi apatite, wa mtundu umodzi ndi chomwe chimalimbitsa mano athu. Akatswiri a ku France anapanga apatite wa mtovu wa lead ndi chitsulo chotchedwa vanadium, yemwe mkati mwake muli timipata totsekereramo ayodini. Kuti asathawe pootcha, amatsindira ufa wa apatiteyo mwamphamvu kwinaku akudutsitsamo magetsi, ndipo umalimba m'mphindi zochepa pa moto wocheperapo.

Zovuta zilipo ndithu. Siliva ndi wodula, lead ndi poizoni payekha. Ndipo akatswiri amanyika zidutswa za seramikiyo m'madzi kwa miyezi kapena zaka zochepa, n'kuyeza ayodini amene watuluka, pomwe funso lenileni ndi la zaka mamiliyoni.